Luso la Manja Si Chilango cha Olephera Mayeso

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zimatuluka pa nyengo yovuta kwa mlimi wa ku Mchinji. Soya ndi mtedza amakhala atagulitsa kale, ndalama zili m'manja, ndipo mtima wake wonse uli pa kuwerengetsera matumba a feteleza amene angagule mvula isanagwe. Ndi pa nyengo yomweyi pamene mwana amafika pakhomo ndi kapepala ka mapointi ake, ndipo madzulo a tsikulo banja limakhala pansi, atsibweni ali pomwepo, kuti lione chochita.

Ana obwera ndi kapepalaka sakhala ofanana. Alipo ochepa amene akhoza bwino lomwe, ndipo za iwowa banja silichedwa kugwirizana: adikire masankho a ku yunivesite. Aliponso amene alepheratu, ndipo nkhani yawo ndi ina. Koma ambiri ali pakati. Mwana wakhoza ndithu, satifiketi ndi yake, koma mapointi ake ndi 28 kapena 33, kapena wasowa kirediti imodzi pa makirediti 6 amene yunivesite imafuna. Pa mwana wotereyu chigamulo cha banja chimadziwika kale: abwereze. Mbuzi imagulitsidwa, thumba limodzi la feteleza limachotsedwa pa mndandanda, mwana n'kubwerera ku Fomu 4. Chaka chotsatira mapointi atsika n'kufika pa 26, amene sakukwanirabe. Abwerezenso. Pofika ulendo wachitatu mnyamata uja wamera ndevu, anzake akwatira, m'khola mwatsala mbuzi imodzi, ndipo m'pamene wina pabwalopo amakumbukira kuti m'boma lomwelo muli koleji yophunzitsa ntchito zamanja. "Basi, angopita ku Kapondo," amatero atsibweni, ndi mawu otsika ngati a munthu wolengeza zovuta.

Kufuna kuti mwana apite ku yunivesite si kulakwa ayi. Cholakwika n'chakuti luso la manja limaganiziridwa pomalizira penipeni, zonse zitakanika, ndalama zitatha, mwana atagwa kale mphwayi, ndipo limaperekedwa kwa iye monga chilango. Chisankho chachikulu chotere chiyenera kuchitika mwana akadali ku Fomu 3, njira zonse ziwiri zikadali zotseguka, ndipo amene ali ndi udindo woyamba woonetsetsa kuti zatero ndi mphunzitsi.

Koleji ya Kapondo ndi imodzi mwa makoleji a m'madera amene anayamba kutsegulidwa m'chaka cha 2015, pamene Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa ndondomekoyi pa Ngara m'boma la Karonga. Cholinga chake chinali chakuti wachinyamata aziphunzira luso pafupi ndi kwawo, m'malo mokasaka malo ogona m'tauni. Makoleji a mtundu umenewu amaphunzitsa ntchito monga kumanga nyumba, ukalipentala, kusoka ndi kuwotcherera zitsulo. Pamwamba pa iwo pali makoleji akuluakulu akale a Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Ya Namitete ili chakufupi ndi msewu womwe uja munthu wa ku Mchinji amadzera popita ku Lilongwe, ndipo ana a sukulu ambiri amadutsa pamenepo kangapo konse osadziwa chimene chimaphunzitsidwa m'katimo. Maphunziro onsewa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti maphunzirowo aziyenda.

Tsono funso n'lakuti: kunyoza ntchito zamanja kunachokera kuti, m'dziko limene makolo ake ankayenga chitsulo m'ng'anjo, kusula makasu ndi nkhwangwa, kuumba mbiya ndi kuluka nkhokwe? Amishoni oyamba sanazinyoze. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu a m'dziko muno amene anali asanamangepo nyumba yotero, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amenenso sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo tchalitchicho chilipobe mpaka lero. Dr Robert Laws atatsegula sukulu ya Overtoun pa Khondowe m'chaka cha 1894, anaika ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku pambali pa maphunziro a m'kalasi, ndipo amisiri otuluka kumeneko ankafunidwa ngakhale kunja kwa Nyasaland.

Zinthu zinapotoka pambuyo pake. Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko lino m'chaka cha 1924, zinalimbikitsa kuti munthu wakuda apatsidwe maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi, ndipo m'chaka cha 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi. Maganizowo anali ndi nzeru zake, komatu munthu wa nthawi imeneyo anaonamo chinthu china. Anaona mwana wa Mzungu akuphunzira kulamula pamene wake akuuzidwa kuti khasu ndi pulena n'zomukwanira. Sekondale yoyamba inachedwa mpaka 1940, ku Blantyre, ndipo ya boma ya ku Dedza inadza mu 1951. M'masiku amenewo kalaliki wa kwa bwana DC, wa malaya oyera ndi cholembera m'thumba, ndiye ankapatsidwa mpando akafika pamudzi, mmisiri n'kukhala pansi. Motero munthu wokana kuti mwana wake aphunzire zamanja anali kukana kuponderezedwa, ndipo pa nthawiyo sanalakwe.

Ufulu utabwera mu 1964, dziko linali ndi njala ya anthu ophunzira. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira pafupifupi 90 okha, pamene maunduna, masukulu ndi makampani a boma zonse zinkafuna anthu olowa m'malo mwa atsamunda. Wotuluka ndi digiri ankapeza ntchito ikumudikira, kawirikawiri ndi nyumba yomwe. Agogo amene lero akuumirira kuti mdzukulu abwereze sakulankhula mwaumbuli. Akukumbukira zimene anaona ndi maso awo: mwana mmodzi wa m'mudzi amene anapita ku Chancellor kapena ku Bunda, n'kubwera pa galimoto, n'kuphunzitsa abale ake onse. Vuto n'lakuti dziko limene akulikumbukiralo linasintha iwo osauzidwa.

Sukulu nazo zinasonkhezera moto. Mwana wochedwa amapatsidwa chikwanje kuti akatchetche, wolongolola amakumba dzenje, ndipo pofika Fomu 4 waphunzira bwino lomwe phunziro limene silinalembedwe mu silabasi, loti thukuta ndi malipiro a munthu wolakwa. Ndiye pali mawu aja amene atuluka m'kamwa mwa aphunzitsi osawerengeka: "Mukapanda kulimbikira mudzakhala makalipentala!" Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi yemweyo poweruka amazungulira njira, kuopa kudzera pa khonde la kalipentala amene sanamalize kumulipira ndalama ya bedi.

Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa anthu pa khomo la yunivesite. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chakumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1990 malo ophunzirirapo a MCDE anasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, ndipo ambiri mwa ana a kumidzi ya ku Mchinji amaphunzira m'masukulu otere, momwe labotale ndi mabuku sizikwanira kawirikawiri. Mayunivesite a boma anachulukadi, ndipo kuyambira 2021 alipo 6, koma sanachuluke mofanana ndi ana. M'chaka cha 2023 anthu oposa 150,000 analemba mayeso a MSCE ndipo oposa 80,000 anakhoza. Amene anapeza malo m'mayunivesite a boma sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a okhozawo. Mwana wa mapointi 28 akamabwereza, adziwe kuti akulimbirana malo ochepawo ndi wa ku sekondale yogonera komweko amene wakhala akugwira zipangizo za sayansi ndi manja ake kuyambira Fomu 1.

Ndiponso kutuluka m'yunivesite sikutanthauzanso zimene kunkatanthauza kale. Boma, limene linali wolemba ntchito wamkulu wa anthu a madigiri, silingathe kuwatenga onse, ndipo makampani sanachuluke mokwanira kuti atenge otsalawo. N'chifukwa chake mu 2018 boma linayambitsa ndondomeko yotumiza achinyamata a madigiri m'maofesi ake kuti akaphunzire ntchito kwa kanthawi, akulandira kangachepe. Ndondomeko yotere sibadwa m'dziko limene ntchito zikudikira anthu.

Apa pafunika chilungamo, pakuti alipo ena amene masiku ano ayamba kunena kuti sukulu n'njopanda ntchito, kuti digiri ndi pepala chabe. Amenewa akusocheretsa ana. Pa chipatala chachikulu cha Mchinji pakufunika madokotala ndi anamwino, ndipo palibe amene angaphunzire opaleshoni pa khonde la sitolo. Mlatho umafuna injiniya asanafike womanga, ndipo mbewu imene mlimi amadzala inadzera m'manja mwa katswiri wa zaulimi. Wa digiri akapeza ntchito amalandira mwezi ndi mwezi, mvula igwe kapena isagwe, amadwala malipiro osaima, ndipo amadzakhala ndi penshoni. Mwana amene mutu wake ndi mapointi ake zikumulola apite ndithu, ndipo ngati kwawo n'kosauka akapemphe ngongole ku bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama limene linakhazikitsidwa mu 2015. Chofunika n'chakuti adziwe chimene akukaphunzira ndi amene adzamulembe ntchito akamaliza. Ndipo banja limene likufuna kugulitsa ng'ombe kuti limulipirire pa koleji yomwe si ya boma liyambe lafufuza ngati bungwe la NCHE linavomereza kolejiyo ndi maphunziro akewo. Safunsa anadya phula.

Funso lomwelo, loti adzakulipire ndani, liyenera kufunsidwanso pa ntchito zamanja, ndipo ku Mchinji yankho lake likuoneka ndi maso. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 600,000. Mlimi akagulitsa soya, mtedza kapena fodya, chinthu choyamba chimene amalakalaka ndi nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo nyumba imeneyo idzafuna womanga, wokhoma denga, wopanga mafelemu ndi zitseko. Njinga zamoto za kabaza zadzaza pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ndi pa Waliranji, ndipo misewu ya fumbi siizichitira chifundo. Chigayo chikaima mudzi wonse umabwerera ku mtondo. Mjigo ukathyoka amayi amabwerera ku dambo, ndipo nthawi zina umakhala chithyokere miyezi ingapo pongosowa munthu wodziwa kusintha kachitsulo kamodzi. Magetsi a sola akulowa m'nyumba zambiri, ndipo ambiri mwa amene amawalumikiza ndi ongoyesa. Ntchito zonsezi zilipo lero, ndipo palibe imodzi imene imafuna kalata yofunsira ntchito.

Palinso mwayi wa malire. Chipata sichili kutali ndi Mchinji, ndipo kuyambira Disembala 2022, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegula malo amodzi ochitirapo chipikisheni pa Mwami, magalimoto a katundu sayeneranso kuima kawiri podutsa. Achinyamata a ku Mchinji akhala akuwoloka malirewa kuyambira kale kukagwira ganyu m'minda ya ku Zambia, ndipo ena amapitirira mpaka ku Joni. Wopita manja ali zii amalandira chimene wapatsidwa, pamene wodziwa kumanga kapena kuwotcherera amatchula mtengo wake, pakuti khoma lowongoka ndi lowongoka ku Kapondo, ku Chipata ndi ku Johannesburg komwe.

Koma mfundo imene aphunzitsi ayenera kuigwiritsa kwambiri ndi iyi, yoti ntchito zamanja zimafuna mutu. Mmisiri womanga akafuna kuti ngodya ya maziko ikhale yolunjika, amakhoma zikhomo, n'kuyeza mamita atatu mbali ino ndi anayi mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana mamita asanu amadziwa kuti ngodya yakhala bwino. Limenelo ndi lamulo la Pythagoras, lomwe lija ana a ku sekondale amaliloweza usiku n'kuliiwala mayeso akatha. Kalipentala wokhoma denga ayenera kudziwa katsetserekedwe kake, apo ayi malata adzadontha kapena kusasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba. Wa sola ayenera kuwerengera mphamvu ya batire ndi kukula kwa waya, pakuti waya wochepa mphamvu umatentha nyumba. Telala amene wapatsidwa ntchito ya mayunifolomu 60 akalakwitsa kawerengedwe ka nsalu ndi theka la mita pa mwana aliyense, wataya mamita 30.

Ndiye pali kutchula mtengo, pamene amisiri ambiri aluso amagwera. Wowotcherera amene atchula mtengo wa chitseko cha chitsulo atangowerengera chitsulo chokha, osawerengera ndodo zowotcherera, penti, magetsi, lendi ndi tsiku lake lomwe, amagwira ntchito mwezi wathunthu m'maso muli phulusa n'kudzapeza kuti wadya mpamba. Ntchito zikuluzikulu, monga kumanga midadada ya sukulu kapena kupanga madesiki, zimapita kwa amene angathe kulemba mitengo yake papepala m'Chingerezi chomveka, kulembetsa bizinesi yake ku boma ndi kusunga mabuku a ndalama. Apa m'pamene pagona nkhani. Mwana uja wa mapointi 28, amene banja likumuona ngati wotsalira pa mzere wa ku yunivesite, ndiye amene ali ndi masamu ndi Chingerezi zokwanira kuti adzakhale kontilakitala wolemba anzake ntchito. Sukulu zikamatumiza ku luso okhawo amene alepheratu, zikumana ntchitozi anthu amene akadazikweza, kenaka anthu n'kumadandaula kuti makoma akung'aluka ndipo amisiri abwino akuchokera kunja.

Komabe wachinyamata asanamizidwe kuti njira imeneyi ndi yoterera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba, satifiketi ya luso popanda zida ili ngati khasu lopanda mpini, ndipo zida n'zodula. Makina owotcherera, makina osokera, masipanala, ngakhale sowo yabwino, pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera koopsa. Kalembera wa 2018 yemwe uja anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, kutanthauza kuti wowotcherera ayenera kukachita lendi pa malo a malonda, kumene magetsiwo nawo amazimazima.

Kasitomala wa kumudzi ali ndi nyengo yake. Kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula itayandikira mmisiri sagona tulo ndi ntchito, koma mu Januwale ndi Febuluwale palibe womanga nyumba, palibe wogula mpando, ndipo amene amabwera amabwera ndi ngongole. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru sataya munda. Achibale nawo ali ndi mawu awo odziwika: "Achimwene, mungotikhomerako, tidzaonana." Kuonanako sikufika. Telala amalimbana ndi kaunjika, amene amagulitsa malaya pa mtengo wochepera wa nsalu yokha. Palinso vuto la kutsanzirana, pamene achinyamata onse a dera limodzi aphunzira luso limodzi, mpaka pa khonde limodzi kukhala matelala asanu ndi awiri akuyang'anizana. Thupi nalo limatha. Msana wa womanga sufika zaka 60 uli momwe unalili, ndipo wodzilemba yekha ntchito alibe penshoni pokhapokha atadziikira yekha. Amisiri ena anadziononganso okha mbiri: telala wa "bwerani mawa" ndi womanga wodya ndalama ya simenti ndi anthu odziwika m'mudzi uliwonse. Komatu mbiri yoipayi ndi mwayi kwa wobwera kumene, pakuti mmisiri wosunga tsiku limene walonjeza sasowa ntchito.

Asaganizenso mwana kuti malo a ku koleji ya luso akungomudikira. Ofunsira m'makoleji akuluakulu aja amachuluka kuposa malo, ndipo satifiketi ya MSCE imafunika. Ndipo zaka za pa koleji pazokha sizipanga mmisiri. Luso limakhwima pogwira ntchito pansi pa munthu wodziwa, kutumidwa, kudzudzulidwa, kugumula khoma limene wamanga mokhota n'kuyambiranso. Wotuluka pa koleji ali ndi mtima wa ubwana, wokana kusakaniza matope chifukwa ali ndi pepala, adzaposedwa ndi mnzake amene anaphunzirira pa ganyu.

Kunena za atsikana, pali chizolowezi choti mtsikana akatchula luso aliyense amaganiza za makina osokera. Palibe lamulo limene linatero. Dzanja limene limatha kulowetsa ulusi pa singano lingathenso kulumikiza mawaya a sola, ndipo mtsikana wokhala ndi ndalama yakeyake sakankhidwira ku banja msanga chifukwa cha sopo.

Chinanso chimene makolo ambiri sachidziwa n'chakuti njira ziwirizi zimakumana kutsogolo. Maphunziro a luso ali ndi makwerero ake. Kuyambira kale mmisiri amayesedwa mayeso a Trade Test, amene ankayambira pa Giredi 3 kukwera mpaka pa Giredi 1, ndipo masatifiketi a TEVET nawo ali ndi masitepe ake. Wolimbikira angathe kufika pa dipuloma, ndipo pambuyo pake kugogoda pa khomo la yunivesite monga ya MUBAS, imene kale inali Polytechnic, akudzilipirira yekha ndi ndalama za ntchito yake. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi buku la ku laibulale. Digiri anadzaitenga mu 2014 ku Dartmouth College ku America. Si mwana aliyense amene adzakhale Kamkwamba, ndipo kungakhale kunama kulonjeza zotero, koma nkhani yake ikuonetsa kuti kuyamba ndi manja sikutseka mutu.

Nanga mphunzitsi achitepo chiyani? Ayambe ndi pakamwa pake, asiye kuopseza ana ndi ukalipentala. Phunziro la Pythagoras likafika, atuluke ndi kalasi panja, chingwe ndi zikhomo zili m'manja, ana ayeze ngodya ya kalasi yawo yomwe. Sukulu zimakonda kuitana namwino, wapolisi kapena wa ku banki kuti adzalankhule kwa ana za tsogolo lawo, ndipo n'zabwino, koma tsiku lina aitanidwenso makaniko wa njinga zamoto wa pa msika, adzanene poyera ndalama zimene amapeza pa mwezi wabwino ndi pa mwezi woipa, ndi momwe anapezera sipanala yake yoyamba. Masukulu a m'bomali angathe kupita ndi ana a Fomu 3 ku Kapondo kapena ku Namitete kuti akaone okha ndi kufunsa okha. Pamene mphunzitsi wamkulu akuwerenga monyadira mayina a ophunzira akale amene anapita ku yunivesite, atchuleponso amene anamanga mdadada umene anawo akuphunziriramo, ngati anaphunzira pomwepo. Ndipo chidziwitso cha TEVETA choitana ofuna malo chikatuluka, chikhomedwe pa bolodi lomwelo pamene pamakhomedwa cha NCHE, n'kuwerengedwa pa asembule ndi mawu okweza chimodzimodzi.

Koposa zonse mphunzitsi azinena zoona kwa kholo. Iyeyu wakhala ndi mwanayo zaka zinayi ndipo akudziwa bwino ngati mapointi 28 aja anabwera chifukwa cha matenda, maliro kapena kusowa mabuku, kapena ngati ndiwo msinkhu weniweni wa mwanayo pa maphunziro a m'kalasi. Kunena kuti "abwereze" n'kosavuta, pakuti sikukhumudwitsa aliyense, ndipo mbuzi yogulitsidwayo si ya mphunzitsi. Mwana amene wasowa kirediti imodzi, kapena amene chaka chake chinasokonezeka ndi chifukwa chodziwika, abwereze kamodzi ndi mtima wonse. Koma amene wabwereza kale ndipo mapointi sanasunthe kwenikweni, atsibweni auzidwe mosapsatira kuti mbuzi yachiwiri aigulitse ndithu, koma ndalama yake ikhale ya fizi ya ku Kapondo, ndipo yotsalayo isungidwe kuti idzagule sowo, pulena ndi tepi.